Mulanje, Nyika kapena Dedza: wa ku Kasungu akwere phiri liti, mwezi wanji?

Kasungu ndi dera lathyathyathya. Ukaima pa Chinkhoma kapena pa Santhe n'kuponya maso, umangoona minda, zigafa za fodya ndi mitengo ya bulugamu mpaka kumene maso alekezera, ndipo phiri likapezeka limakhala lili lokhalokha pakati pa chigwa. N'chifukwa chake achinyamata a kumpingo, aphunzitsi kapena anthu a muofesi imodzi akayamba kukambirana pa WhatsApp zokakwera phiri lalikulu, mkangano wonse umathera pa dzina. Wina akuti Mulanje basi, wina Nyika, wina akuti Dedza ndiye pafupi. Za mwezi zimabwera kumapeto ndalama zitasonkhedwa kale, ndipo amene amagamula ndi kalendala ya maholide. Ine ndimati mkanganowo uziyambira pa mwezi, chifukwa phiri lomwelomwelo limene limakulandirani bwino mu Meyi likhoza kukubwezani muli njenjenje mu Julayi.

Chimene chimatipusitsa ife a kuchigwa ndi kuzizira. Timati timakudziwa, poti Juni wa kuno naye sasewera, koma kwa kumapiri n'kwina. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Boma la Kasungu lili pa mamita ongopitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi muno, ali pa mamita 3,002. Ndiye kuti m'mawa umene kuno mumaothera moto mutavala juzi, kumeneko madzi a m'timaenje ta m'miyala amakhala ataundana. Onjezanipo mphepo yopanda chotchinga ndi zovala zonyowa, mupeza kuti thupi likutaya kutentha msanga kuposa mmene likupangira. Munthu amayamba kunjenjemera, kenako kuyankha zosagwirizana ndi funso, kenako kufuna kungokhala pansi kuti agone. Akafika pamenepo zinthu zavuta.

Tiyambe ndi zapakhomo, ngakhale sizidzatenga malo ambiri. Phiri la pa boma la Kasungu limakwereka m'mawa umodzi, ndipo ambiri amalidziwa chifukwa chokapemphera. Ku malo osungirako nyama a Kasungu kuli Black Rock, thanthwe loti ukakhala pamwamba pake dzuwa likamalowa umaona nkhalango yokhayokha kulowera ku Zambia. Kumeneko simupita nokha, mumapita ndi msilikali wa nyama, makamaka chibwerereni njovu 263 zimene anazisamutsa kuchokera ku Liwonde mu 2022. Awa si mapiri oti munthu n'kukanyadira pagulu, koma ali ndi ntchito yake: amakuuzani zoona za mawondo anu, za nsapato zanu, ndi za mnzanu uja amene amalankhula kwambiri pagulu koma chitunda chikayamba amakhala woyamba kufunsa ngati tatsala pang'ono. Gulu limene silinakwerepo limodzi phiri la pakhomo lisathamangire kulipira minibasi ya ku Mulanje.

Ntchisi ndi Dedza

Ntchisi timamuiwala, chonsecho ndi woyandikana nafe. Mukhoza kudzera msewu wa ku Nkhotakota n'kukhotera pa Malomo, kapena kutsika ndi M1 mpaka pa Mponela. Phiri lake si lalitali kwambiri, koma lili ndi nkhalango yachilengedwe yosayoyola masamba, imodzi mwa zochepa zimene zatsala m'chigawo chapakati, ya mitengo ikuluikulu yokutidwa ndi ndere ndi zilambe zolendewera. Kukacha bwino nyanja imaoneka kum'mawa. Ubwino wa Ntchisi ndi mthunzi. Mu Okutobala, pamene mapiri ena onse akuotcha, m'nkhalango muja mumayendeka masana. Kuipa kwake ndi msewu wafumbi wokafika ku nkhalangoko, umene m'dzinja umasanduka matope ofuna galimoto yamphamvu.

Dedza ndiye sukulu yeniyeni ya wofuna Mulanje. Kuchokera ku Kasungu ndi makilomita pafupifupi 130 kukafika ku Lilongwe, kenako ena pafupifupi 85, wonsewo msewu wa tala. Tauniyo payokha ili pamwamba, pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri ili pa 2,198. Mumayambira m'tauni momwemo, kutsata msewu wokwera ku nsanja za mawailesi ndi mafoni, kenako kanjira ka pamsana pa phiri kokafika pansonga. Kukwera ndi kutsika zimatheka tsiku limodzi popanda kugona m'phiri, kotero simufunika kusenza mapoto ndi mabulangeti. Komabe mphepo ya pamwamba paja mu Juni ndi Julayi ndi yeniyeni, ndipo nkhungu imabwera ndithu. Munthu amalawa kuzizira kwa kumapiri ali ndi kothawira, poti maola awiri kapena atatu akhala ali m'tauni akudya tchipisi cha mbatata ya kachewere. Amene ali ndi tsiku lachiwiri akhoza kukaona zojambula zamakedzana za m'mapanga a Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Chimene Dedza alibe ndi kutalikirana ndi anthu. Mitengo ya paini yambiri inadulidwa, mumakumana ndi otola nkhuni, ndipo tauni simaichotsa m'maso.

Zomba ndingomutchula podutsa. Msewu wa tala umakwera mpaka pamwamba, kuli damu la Mulunguzi, kuli Chingwe's Hole, kuli Emperor's View pamene anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Ndi phiri lotengerako amayi, agogo ndi ana. Koma ngati mwawotcha kale mafuta kuchoka ku Kasungu mpaka kum'mwera n'cholinga choyesa miyendo, pitirirani ku Mulanje.

Nyika

Nyika ndi wosiyana ndi ena onsewa, ndipo amene amapitako akuyembekezera maphompho ndi matanthwe amabwerako akudandaula. Pamwamba pake ndi zitunda za udzu waufupi zotsatizana mpaka kutali, zambiri zili pamwamba pa mamita 2,000. Nsonga yake yaitali, Nganda, ili pa mamita pafupifupi 2,600, koma kuikwera si nkhondo: galimoto imakufikitsani chapafupi, inu n'kumaliza ndi miyendo pa udzu. Chokoma cha Nyika ndi kuyenda pakati pa mbidzi, chilembwe ndi ntchefu popanda chokutchingani maso. Ndi malo osungirako nyama, oyamba kukhazikitsidwa ngati national park m'dziko muno mu 1965 komanso aakulu kuposa ena onse, choncho pamakhala cholipira pachipata ndipo ulendo wapansi umafuna msilikali wa nyama. Ife eni dziko timalipira zochepa kuyerekeza ndi alendo akunja, bola mutenge chiphaso. Ofuna ulendo wautali ali ndi njira ya masiku atatu yochokera ku Chelinda, malo ofikira alendo pamwamba pa Nyika, kutsikira ku Livingstonia, yogona m'matenti.

Pa mapu Nyika amaoneka ngati ndi wathu. Mumakwera ndi M1 kudutsa Nkhamenya, Jenda, Chikangawa ndi Mzuzu mpaka ku Rumphi, ndipo a kumpoto kwa Kasungu olankhula Chitumbuka amakhala ali kwawo. Vuto limayambira pa Rumphi. Kuchoka apo kudzera ku Bolero kukafika pa chipata cha Thazima, kenako ku Chelinda, ndi makilomita oposa 100, ambiri mwa iwo a fumbi ndi miyala, ndipo palibe minibasi yodalirika yokafika ku Chelinda. Pamafunika galimoto yokwera yokoka ndi mawilo onse anayi, ndi mafuta okwanira kupita ndi kubwera. Gulu la anthu khumi ndi asanu lodalira minibasi ya hayala lisiye kaye za Nyika. Anthu anayi kapena asanu amene mmodzi wa iwo ali ndi galimoto yoteroyo, Nyika ndi wawo.

Nyengo ya Nyika imatembenuza zimene tinazolowera. Kwina konse timati m'dzinja musapite, koma Nyika amakongola kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, pamene udzu uli biriwiri ndipo maluwa a m'tchire aphuka. Mtundu umodzi wokha wa maluwa otchedwa orchid uli ndi mitundumitundu yoposa 200 kumeneko. Tsoka lake n'lakuti imeneyo ndi miyezi imene msewu uja umagwira magalimoto, ndipo pa chitunda chopanda mtengo mphenzi ikayamba, chinthu chachitali chimakhala inuyo. Mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu chowauka nacho udzu, usiku madzi amaundana. Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi imene ndingasankhe ine: msewu wauma, usiku n'kozizira bwino, ndipo pamene anzanu ku Kasungu akugona panja chifukwa cha kutentha inu mukufunda bulangeti.

Mulanje

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi kumene ambiri mtima uli, ndiponso ndi kumene kulakwitsa mwezi kumalipiritsa kwambiri. Mulanje ndi mapiri ambiri okhala pamodzi, otumphuka mwadzidzidzi pakati pa minda ya tiyi, ndipo pamwamba pake pali zigwa za udzu pa mamita pafupifupi 2,000 ndi nsonga zambiri za miyala. Kumeneko ndi kwawo kwa mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene macheka anautha mpaka pano akuchita kudzalanso. Mu 2025 UNESCO inaika phirili pa mndandanda womwe uja wa Chongoni. Kuchokera ku Kasungu ndi ulendo wa tsiku lathunthu, makilomita oposa 500 kudzera ku Lilongwe, Zalewa ndi Blantyre, kukatsikira pa Chitakale n'kulowera ku Likhubula kumene kuli ofesi ya zankhalango. Werengani tsiku lopita, masiku atatu m'phiri, ndi tsiku lobwerera. Amene akuti tinyamuke Lachisanu madzulo tidzabwere Lamlungu sakunena za Sapitwa, akunena zokasamba pa Dziwe la Nkhalamba n'kujambulitsa, zimenenso si zoipa, bola zidziwike poyamba.

Chimene chimapangitsa Mulanje kutheka kwa munthu wamba ndi nyumba zogonamo zimene zili pamwamba: Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Sombani, Chinzama, Madzeka, Minunu, ndi ya mpingo wa CCAP. Iliyonse ili ndi mlonda, nkhuni ndi pokolezera moto. Chakudya ndi zofunda mumabwera nazo nokha. Pa Likhubula mumapeza operekeza odziwa njira ndi onyamula katundu. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo tengani ndalama zogwirika m'manja, chifukwa netiweki ya m'phiri ndi yapatalipatali ndipo za Mpamba kapena Airtel Money zikhoza kukuchititsani manyazi. Musachite nawo makani anyamata amenewa pa liwiro. Ena mwa iwo ndi aja amathamanga mpikisano wa chaka ndi chaka wa Porters Race, kukwera ndi kutsika phiri mtunda woposa makilomita 20 m'maola ochepa, njira yomwe inu muyende masiku awiri.

Pa Mulanje pomwepo palinso zosankha. Njira yofewerapo ndi kukwera kuchokera ku Likhubula kupita ku nyumba ya Chambe, maola atatu kapena anayi, kudzera njira ya Skyline imene ndi yoimirira kapena ya Chapaluka imene imatsata mtsinje. Mukagona apo n'kudutsa ku Lichenya tsiku lotsatira, mwaliona phiri ndithu, ndipo izi zimatheka miyezi yambiri ya chaka. Sapitwa ndi nkhani ina. Mumagona ku Chisepo, kulawirira kusanache, ndipo chigawo chomaliza si kuyenda ayi, ndi kukwawa pa matanthwe otsetsereka, kupanikizika m'mipata ya miyala ndi kudzikoka ndi manja, maola atatu kapena anayi kukwera, enanso otero kutsika. Thanthwe limenelo likauma nsapato imagwira bwinobwino. Likanyowa limaterera ngati therere.

Chonyowetsa chake ndi chiperoni, ndipo ichi ndiye wa ku Kasungu sachidziwa. Kuno mvula ikasiya mu Epulo timaiwala za madzi ochokera kumwamba mpaka Novembala. Kum'mwera si choncho. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, makamaka Juni ndi Julayi, mphepo yonyowa yochokera ku nyanja ya Indian imadutsa m'dziko la Mozambique, n'kudzagunda Mulanje. Ikakakamizika kukwera phiri imazizira, chinyezi chija n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza imene imatha kukhala masiku atatu, anayi, ngakhale sabata. Imabwera mofulumira. Kumacha kuli ngwee, pofika masana mnzako amene ali mamita khumi patsogolo sukumuonanso, ndipo timizere tofiira topakidwa pa miyala tosonyeza njira tasowa. Mlendo wa ku Brazil amene anafera pa Sapitwa mu Julayi 2009 anapitirira yekha atasiya womuperekeza, nyengo n'kusintha, ndipo chinamupha ndi kuzizira. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anakwera yekha, osapezekanso. A kumeneko ali ndi kafotokozedwe kawo, ka mizimu ya m'phiri imene imatenga anthu ndiponso imasiyira apaulendo chakudya choti ukachipeza udye osaitana mnzako. Kaya inu mumakhulupirira ziti, malangizo a mbali zonse ziwiri amathera pamodzi: osayenda wekha, ndipo woperekeza akati tibwerere, bwererani.

Ndiye taonani mmene kalendala yathu imatikankhira kolakwika. Ndalama ku Kasungu zimayenda fodya akamagulidwa ku okushoni, kuyambira cha mu Epulo mpaka mu Ogasiti, ndipo holide imene magulu amaikonda ndi ya pa 6 Julayi. Amenewo ndiye masiku a pakati penipeni pa chiperoni, komanso masiku aafupi: ku Mulanje dzuwa la Juni limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono. Mukhoza kuchita mwayi n'kupeza thambo loyera moti mukuona mpaka nyanja ya Chilwa, koma mukhozanso kukhala masiku awiri m'nyumba ya Chisepo mukutsokomola utsi, ndalama za fodya zitapita. Wopita mu Juni kapena Julayi aonjezere tsiku limodzi lodikirira nyengo, ndipo alolere mumtima kuti mwina Sapitwa samufika.

Holide zina ziwiri zimene zimakopa anthu ndi ya Khirisimasi ndi ya Isitala. Khirisimasi ikanidwe popanda kukambirana. Mbali ya kum'mwera kwa Mulanje imalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka, pamene Kasungu amalandira pafupifupi 800, ndipo yambiri imagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi. Timitsinje timene mumadumpha m'mawa timakhala titadzaza pobwerera, mvula itagwa kumtunda kumene inu simunaione. Imeneyinso ndi miyezi ya napolo. Anthu a ku Phalombe sanaiwale za Malichi 1991 pamene phiri la Michesi linagumuka, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya zipsera zimene zikuonekabe m'mbali mwa phiri. Isitala imadalira chaka: ikagwa kumapeto kwa Epulo n'kutheka, ikagwa mu Malichi ayi. Tsiku la anakubala, pa 15 Okutobala, lili ndi vuto lina. Chitunda cha ku Likhubula chimaotcha moti pofika 9 koloko madzi a m'botolo atha, utsi wa lupsa umaphimba dziko lonse osaona patali, ndipo moto wolusa umayaka m'phiri momwemo. Mukakakamizika mwezi umenewo, nyamukani kukadali mdima.

Mwezi umene ndimaukonda pa Mulanje ndi Meyi. Mvula yasiya, mathithi akadali odzaza, udzu ukadali wobiriwira, mpweya ndi woyera chifukwa anthu sanayambe kutentha tchire, ndipo chiperoni sichinafike pachimake. Muli maholide awiri, pa 1 ndi pa 14, ndipo limodzi likagundana ndi mapeto a sabata, atatu mwa masiku asanu aja amapezeka. Wachiwiri ndi kumapeto kwa Ogasiti kulowa Seputembala: miyala yauma, kuzizira kwachepa, masiku atalikirapo, ndipo sukulu zili pa holide, zimene zimathandiza aphunzitsi. Alimi a fodya okha ndi amene nthawi imeneyi imawapanikiza, chifukwa nazale ikafesedwa imafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo si aliyense ali ndi womusiyira khasu ndi keni kwa sabata.

Za katundu anthu amaopsezana nazo mopitirira. Simufunika zogula ku Johannesburg. Pa kaunjika wa mumsika wa Kasungu mumapezeka zonse: jekete yosalowa madzi, majuzi awiri opyapyala m'malo mwa imodzi yochindikala kuti muzivula ndi kuvala malinga ndi thukuta, chipewa chofunda makutu, masokosi aubweya ndi nsapato za mapazi a mphira okhala ndi mano. Nsapatozo muziyendere milungu ingapo musanapite, zatsopano zimatulutsa matuza tsiku loyamba. Jinzi isiyeni, ikanyowa siuma. Zovala zogonera zikulungeni m'jumbo musanaziike m'chikwama. Tochi ikhale yakeyake, osadalira ya pafoni, chifukwa batire limatha msanga kukazizira. Kamba wabwino ndi amene tili naye kale: mtedza wokazinga, chiponde, mbatata, ufa, usipa kapena soya, shuga ndi masamba a tiyi. Mowa pansonga ayi. Umanamiza thupi kuti lafunda pamene ukulitayitsa kutentha, ndipo kutsika Sapitwa kumafuna mutu wabwinobwino kuposa kukwera.

Mukandifunsa kuti gulu la anthu khumi ndi asanu lochokera ku Kasungu, losonkherana mwezi ndi mwezi, lichite chiyani, ndinganene kuti likwere Dedza mu Juni kapena Julayi, dala, kuti aliyense alawe mphepo ndi nkhungu ali pafupi ndi msewu wa tala. Amene abwereko akufunabe ndi amene apite ku Mulanje Meyi wotsatira, ndipo kumeneko gulu ligawike pawiri, lililonse ndi woperekeza wake: ena a Chambe ndi Lichenya, ena ochepa a Chisepo ndi Sapitwa. A Sapitwawo agwirizane ali m'nyumba usiku, moto ukuyaka, za ola lobwerera, ndipo 11 koloko ikakwana asanafike pansonga atembenuke, ngakhale chipilala cha pamwamba chikuoneka. Nyika adikire chaka chimene wina pagulupo adzapeze galimoto yokwera, ndipo chikhale mu Seputembala.